Simenti ya mumsana: chimene imachita pa fupa lophwanyika ndi chimene siingathe

Munthu wachikulire akagwidwa ndi ululu woopsa wa msana mwadzidzidzi, mwina atangotukula ndowa ya madzi kapena ataterereka pakhonde, achibale amafunsa paliponse kuti apeze thandizo. Mwa mayankho amene akubwera masiku ano, makamaka kuchokera kwa abale okhala ku Johannesburg ndi kwa amene anaperekezapo odwala ku zipatala za ku India, muli nkhani ya jakisoni wa simenti. Akuti dokotala amabaya msana, n'kuthira simenti m'fupa lophwanyika, ndipo wodwala amene amalephera ngakhale kutembenuka pamphasa amadzuka n'kuyenda tsiku lomwelo. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ena akaimva nkhaniyi amaiseka kuti ndi bodza la pa WhatsApp, pomwe ena amayamba kuwerengera ng'ombe zoti agulitse.

Chithandizochi chilipodi, ndipo chinayamba m'chaka cha 1984. Chili m'mitundu iwiri ikuluikulu, wina wotchedwa vertebroplasty ndi wina wotchedwa kyphoplasty, ndipo yonse iwiri ili m'gulu la maopaleshoni osang'amba thupi, amene dokotala amalowera pa kabowo kakang'ono m'malo motsegula msana ndi mpeni. Komabe si msana uliwonse wopweteka umene umafuna simenti, ilipo misana ina imene simentiyo ingaiwonongeretu, ndipo ngakhale pa odwala oyenera, akatswiri akhala akutsutsana kuyambira 2009 ngati phindu lake ndi lalikulu monga mmene linkaonekera poyamba.

Fupa limene limatitimira

Msana wa munthu si fupa limodzi lalitali, koma ndi mafupa ang'onoang'ono 33 osanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa kumene nthiti zimalumikizika, 5 m'chiuno, ndipo otsalawo anamatirirana kumunsi kwenikweni. Fupa lililonse lili ndi chigawo chonenepa cha kutsogolo, mbali ya kumimba, chimene chimasenza kulemera kwa thupi, ndipo kumbuyo kwake kuli mphako mmene mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umayendetsa miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Pakati pa fupa ndi linzake pali kachigawo kofewa kotchedwa disiki.

Kuthyoka kumene tikunena pano si kwa fupa loduka pawiri ngati la mwendo. Chigawo chonenepa chija chimapanikizika n'kutitimira, kawirikawiri cha kutsogolo kokha, moti fupa limene linali lofanana msinkhu mbali zonse limasanduka lopyapyala kutsogolo. Izi zimachitika kwambiri pamene msana wa pachifuwa ukukumana ndi wa m'chiuno, pa mafupa amene pa lipoti la X-ray amalembedwa T12 ndi L1, chifukwa ndi pamene gawo louma la msana limakumana ndi gawo lopindika. Mafupa awiri kapena atatu akatitimira chotere, munthu amafupika msinkhu, amayamba kuwerama, ndipo linunda limaoneka. Kufupika kopitirira masentimita 4 poyerekeza ndi msinkhu wa paunyamata kapena pautsikana ndi chizindikiro chimene madokotala sachinyalanyaza.

Ululu wake uli ndi khalidwe lodziwika. Umakula munthu akafuna kudzuka, kutembenuka, kukhala tsonga kapena kutsokomola, ndipo umachepa akagona chagada osasuntha. Chifukwa chake n'chakuti tizidutswa ta fupa losweka timakhulana thupi likamasuntha, ndipo mfundo imeneyi ndiyo maziko a chithandizo chonse cha simenti. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa mafupa otitimirawa sapweteka kwambiri. Akatswiri amayerekeza kuti mwa 3 aliwonse, 2 sadziwika n'komwe kuchipatala, ndipo mwini wake amangoti ndi ukalamba.

Chimene chimafooketsa fupa

Fupa ndi chinthu chamoyo. Tsiku ndi tsiku thupi limagumula fupa lakale pang'ono n'kumanga latsopano, ndipo mpaka cha m'zaka 30 kumangako kumaposa kugumula. Kenako zinthu zimayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, koma kwa amayi liwiro limakula akasiya kusamba, popeza mahomoni a estrogen, amene amaletsa kugumulako, amachepa kwambiri m'thupi. Matenda ofooketsa mafupa motere amatchedwa osteoporosis. Fupa lotere lili ngati mzati wa nyumba umene chiswe chaudya m'kati: kunja umaoneka wabwinobwino ndipo umasenzabe denga, mpaka tsiku limene kamphepo kochepa kadzaugwetse. Mu 1994 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa muyezo wodziwira matendawa pogwiritsa ntchito makina oyeza kulimba kwa mafupa otchedwa DXA, ndipo munthu amene nambala yake yafika pa -2.5 kapena kutsika kuposa apo amatengedwa kuti ali nawo.

Anthu ambiri amaloza chala ntchito zolemetsa, monga kusenza nkhuni kuchokera kuphiri kapena kutukula matumba a kachewere pamsika wa Lizulu ndi ku Bembeke. Ntchito yosenza payokha siifooketsa mafupa, ndipo fupa logwira ntchito limakhala lolimba kuposa la munthu wongokhala. Katundu amangomaliza fupa limene linadyeka kale.

Pali zinanso zimene zimafulumizitsa kufookaku. Chachikulu ndi mankhwala a gulu la prednisolone ndi dexamethasone akamwedwa kwa miyezi yambiri, kaya ndi a mphumu, a nyamakazi, kapena amene ena amagula okha kuti anenepe. Fodya, mowa wambiri, kuonda kwambiri ndi kusowa kashiamu m'zakudya zimaonjezera vutoli. Kachilombo ka HIV nakonso kamachepetsa kulimba kwa mafupa, ndipo tenofovir, amene ali m'ma ARV omwe anthu ambiri akumwa m'dziko muno, amatsitsako kulimbako pang'ono makamaka m'zaka zoyambirira. Ichi si chifukwa chosiyira mankhwala, chifukwa kusiya kumaika moyo pachiswe choposa, koma ndi chifukwa chouzira dokotala mankhwala onse amene munthu akumwa.

Funso loyamba: chaphwanya fupa n'chiyani?

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America, kumene kafukufuku wambiri wa simentiyi anachitikira, mayi wa zaka 75 akabwera ndi fupa lotitimira, dokotala amaganizira osteoporosis ndipo kawirikawiri amakhala akulondola. Kwathu kuno funsoli ndi lovutirapo, ndipo ine ndikuona kuti ndi lofunika kuposa funso la simenti lenilenilo.

Chifuwa chachikulu cha TB sichigwira mapapo okha. Chikalowa m'mafupa, pafupifupi theka la odwala chimawagwira mumsana, matenda amene dokotala wa ku London, Percivall Pott, anawafotokoza mu 1779. TB ya msana imadya fupa mwakachetechete kwa miyezi, kawirikawiri mafupa awiri oyandikana pamodzi ndi disiki ya pakati pawo, imapanga mafinya m'mbali mwa msana, ndipo fupa likagumuka pamatuluka linunda losongoka. Ululu wake umabwera pang'onopang'ono, supuma ngakhale usiku munthu atagona, ndipo umatsagana ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku ndi kutentha thupi, ngakhale kuti ena sakhosomola n'komwe. Kuthira simenti m'fupa lotere ndi kulakwitsa kwakukulu, chifukwa tizilombo timamatirira pa chinthu chachilendo chimene magazi ndi mankhwala safikamo, ndipo kuichotsa simentiyo kumafuna opaleshoni yaikulu yong'amba. Mankhwala ake ndi a TB omwe aja, amene amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, kungoti pa msana amamwedwa nthawi yotalikirapo kuposa miyezi 6 ya TB ya m'mapapo.

Chachiwiri ndi khansa. Khansa ya m'mawere, ya prostate ndi ya m'mapapo zimakonda kufalikira ku mafupa a msana, ndipo pali khansa ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa myeloma, imene kawirikawiri imadziwika koyamba chifukwa cha msana wophwanyika. Apa simenti ili ndi ntchito yake, popeza ingathe kuchepetsa ululu ndi kuchirikiza fupa, koma siichiza khansayo, ndipo imabwera pambali pa chithandizo china.

Chachitatu ndi ngozi: kugwa mumtengo, kugubuduzika ndi ngolo, ngozi ya kabaza kapena ya galimoto pamsewu wa M1. Fupa lolimba la wachinyamata likasweka ndi mphamvu yotere, limatha kuphulika n'kukankhira zidutswa kumbuyo kumene kuli mtsempha waukulu uja. Simenti yothiridwa m'fupa limene khoma lake la kumbuyo lasweka ingathe kutsatira mng'alu womwewo n'kukapanikiza mtsempha. Msana wotere umafuna kuunikidwa ndi akatswiri, ndipo ngati ukufuna opaleshoni amaumanga ndi zitsulo, zimene masiku ano nazonso zimatha kulowetsedwa kudzera pa timabowo.

Mmene simenti imathiridwira

Njira yoyamba, vertebroplasty, inayambira mumzinda wa Amiens ku France, kumene mu 1984 madokotala awiri, Pierre Galibert ndi Hervé Deramond, anathira simenti m'fupa lachiwiri la m'khosi la mayi wina amene anali ndi chotupa cha timitsempha ta magazi. Analemba zotsatira zawo mu 1987, ndipo m'zaka za m'ma 1990 njirayi inafalikira ku America, kumene inayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri pa okalamba ofooka mafupa.

Simenti yake si ya kumanga nyumba. Ndi mtundu wa pulasitiki wotchedwa PMMA, umene umabwera ngati ufa ndi madzi ake apadera, ndipo akazisakaniza zimauma m'mphindi pafupifupi 15 kapena 20, zikutulutsa kutentha. Madokotala a mafupa anaidziwa kalekale, kuchokera pamene John Charnley wa ku England anayamba kumatira nayo ziwalo zachitsulo za m'nyonga cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Yothira mumsana amaisakaniza ndi barium kuti izioneka bwino pa X-ray.

Ntchito yaikulu imachitika singano isanalowe. X-ray wamba imaonetsa kuti fupa latitimira, koma siinena ngati linatitimira sabata yatha kapena zaka 5 zapitazo, ndipo fupa limene linapola kale silipindula kanthu ndi simenti. Makina a MRI ndi amene amaonetsa kutupa kwa m'kati mwa fupa longosweka kumene, komanso amathandiza kusiyanitsa osteoporosis ndi TB kapena khansa. Dokotala amagogodanso msana kuti atsimikize kuti pamene wodwala akumva ululu ndi pomwepo pamene chithunzi chikuloza, ndipo amayeza magazi kuti aone ngati akuundana bwino komanso ngati m'thupi mulibe matenda opatsirana.

Tsiku la opaleshoni wodwala amagona chafufumimba. Kawirikawiri samugonetsa tulo tofa nato, koma amamubaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo ndi ena omukhazika mtima pansi. Dokotala amagwira ntchito akuyang'ana pa sikirini ya makina a X-ray otchedwa C-arm, amene amaonetsa mafupa ndi singano nthawi yomweyo. Amaboola khungu pang'ono, n'kulowetsa singano yonenepa mamilimita 2 kapena 3 kudzera m'kampata ka fupa kotchedwa pedicle, kamene kamalumikiza kumbuyo ndi kutsogolo kwa fupalo, ndipo singanoyo imadutsa mamilimita ochepa chabe kuchokera pa mtsempha waukulu. Ngati pali chikayiko pa chimene chaphwanya fupa, amatapa kachidutswa ka fupa kudzera m'singano yomweyo kuti kakayezedwe. Kenako amakankha simenti pang'onopang'ono, maso ali pa sikirini, ndipo akangoona kuti yayamba kulowera kosayenera amaima. Yonse yolowa m'fupa limodzi imakhala mamililita apakati pa 2 ndi 6, kutanthauza pafupifupi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena kuchepera pa fupa limodzi, wodwala amagona chagada kwa ola kapena awiri, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Ululu umachepa chifukwa tizidutswa tija tagwirana ndipo tasiya kukhulana. Ena amaganizanso kuti kutentha kwa simenti kumapha timitsempha ta ululu ta m'fupamo.

Kusiyana kwa kyphoplasty

Vertebroplasty imaumitsa fupa mmene lilili, ndipo ngati linatitimira limakhala lotitimirabe. Kyphoplasty, imene inayambitsidwa ndi dokotala wa mafupa wa ku California, Mark Reiley, ndipo chipangizo chake chinaloledwa ku America mu 1998, imaonjezera sitepe imodzi. Simenti isanalowe, dokotala amalowetsa kabaluni kolimba m'fupamo, n'kukafufumitsa ndi madzi ooneka pa X-ray, kuti kakankhire fupa m'mwamba ndi kusiya mphako. Akachotsa baluni amadzaza mphakoyo ndi simenti yolimbirapo, imene siifuna kukankhidwa mwamphamvu, choncho siitayikira kunja kawirikawiri. Msinkhu umene umabwerera ndi wa mamilimita ochepa, ndipo wina umatayikanso baluni ikangophwetsedwa, n'chifukwa chake kunabwera zipangizo zina monga SpineJack, kachitsulo ka titanium kamene kamatukula fupa n'kutsalira momwemo. Kyphoplasty imadula kwambiri kuposa vertebroplasty, imatenga nthawi yotalikirapo, ndipo nthawi zambiri wodwala amagonetsedwa tulo. Kafukufuku woyerekeza njira ziwirizi sanapeze kusiyana kwakukulu pa kuchepetsa ululu.

Mkangano umene unayamba mu 2009

Kwa zaka zambiri madokotala ankaona odwala akudzuka pa bedi atathiridwa simenti, ndipo panalibe amene ankakayika. Vuto n'lakuti fupa lotitimira limapola lokha m'masabata 6 mpaka 12, ndiponso munthu amene wachitidwa opaleshoni iliyonse, atabayidwa mankhwala a dzanzi ndi kulimbikitsidwa kuti achira, amamvako bwino ngakhale opaleshoniyo ikhale yopanda mphamvu. Kuti adziwe gawo la simenti yeniyeniyo, ofufuza anachita chinthu chachilendo. Anagawa odwala m'magulu awiri mwamaere, odwalawo atavomera, ndipo gulu lina linathiridwadi simenti pomwe lina linachitidwa opaleshoni yongoyerekeza: kugona pa tebulo lomwelo, kubayidwa mankhwala a dzanzi, kugwidwagwidwa pamsana, mpaka kutsegula mankhwala a simenti kuti fungo lake limveke m'chipinda, koma osathira kanthu m'fupa.

Mu Ogasiti 2009 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za kafukufuku awiri otere, wina wotsogoleredwa ndi Rachelle Buchbinder ku Australia pa odwala 78, wina ndi David Kallmes wa ku chipatala cha Mayo Clinic ku America pa odwala 131. Onse awiri anapeza kuti magulu onse anapezako bwino mofanana. Chaka chotsatira bungwe la madokotala a mafupa ku America, American Academy of Orthopaedic Surgeons, linalangiza mwamphamvu kuti vertebroplasty isamachitike pa mafupa otitimira chifukwa cha osteoporosis.

Ochirikiza njirayi anayankha kuti ofufuzawo anasankha odwala olakwika, chifukwa analola anthu amene ululu wawo unali utatha miyezi yambiri, ena mpaka chaka, pamene fupa limakhala litapola kale. Kafukufuku wa VERTOS II wa mu 2010, pa odwala 202 a ku Netherlands ndi Belgium amene mafupa awo anali atangosweka, anapeza phindu looneka, koma mmenemo odwala ankadziwa ngati athiridwa simenti kapena ayi. Mu 2016 kunabwera kafukufuku wa VAPOUR wa mumzinda wa Sydney, amene anatenga odwala 120 a ululu woopsa, osweka fupa masabata osakwana 6, ambiri a iwo ogonekedwa m'chipatala, ndipo anagwiritsa ntchito opaleshoni yongoyerekeza. Patatha masiku 14, odwala 44 pa 100 alionse othiridwa simenti anali ndi ululu wochepa, poyerekeza ndi 21 pa 100 a gulu linalo. Ochirikiza anati nkhani yatha. Koma mu 2018 kafukufuku wa VERTOS IV wa ku Netherlands, pa odwala 180 amene mafupa awo analinso ongosweka kumene, sanapeze kusiyana pakati pa magulu awiriwo m'chaka chonse chimene anawatsatira, ndipo chaka chomwecho bungwe la Cochrane, litaunika kafukufuku yense pamodzi, linati vertebroplasty ilibe phindu lofunika kuposa opaleshoni yongoyerekeza.

Kyphoplasty ili ndi umboni wake. Kafukufuku wa FREE wa mu 2009 pa odwala 300 anapeza kuti inathandiza msanga kuposa mankhwala okha, ndipo wa CAFE wa mu 2011 pa odwala khansa 134 anapezanso chimodzimodzi. Otsutsa amakumbutsa kuti mwa awiriwa munalibe gulu la opaleshoni yongoyerekeza ndipo ndalama zake zinachokera kwa opanga zipangizozo.

N'chifukwa chake malangizo a maiko amasiyana. Ku England bungwe la NICE, lopereka malangizo a chithandizo cha m'zipatala, mu 2013 linalola njira zonse ziwiri, koma kwa anthu okhawo amene ali ndi fupa longosweka losapola, ululu woopsa umene sukumva mankhwala operekedwa moyenera, ndipo kuyeza ndi zithunzi zikugwirizana pa malo a ululuwo. Mbali zonse zimagwirizana pa mfundo zingapo. Munthu amene ululu wake ukuchepa ndi mankhwala safunika simenti, fupa lakale lopola silifuna simenti, ndipo siithiridwa pofuna kupewa kuti fupa labwino lisadzasweke. Chotsalira pa mkangano ndi kagulu kochepa ka okalamba amene ululu wawamangirira pa bedi m'masabata oyambirira, amene kugona kwenikweniko kungawaphe.

Zoopsa zake

Kutayikira kwa simenti kunja kwa fupa kumachitika kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri sikubweretsa vuto lililonse. Kukakhala koopsa ndi pamene simenti yalowa mumphako ya mtsempha waukulu, zimene zingachititse dzanzi, ululu wa m'miyendo kapena kufa ziwalo, ndi pamene yalowa m'mitsempha ya magazi n'kukafika m'mapapo. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, koma zimafuna chipatala chimene chili ndi dokotala wotha kung'amba msana mwachangu. Palinso kulowa kwa tizilombo, kutaya magazi mwa amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ndi kuthyoka nthiti chifukwa chogona chafufumimba pa mafupa ofooka. Funso lakuti fupa loumitsidwa limachititsa oyandikana nalo kusweka msanga lakhala likukambidwa kwa zaka, ndipo kuliyankha n'kovuta chifukwa munthu amene wasweka fupa limodzi amakhala kale pangozi yosweka lina. Kafukufuku wa mu 2001 anapeza kuti mwa amayi osiya kusamba amene asweka fupa la msana, pafupifupi mmodzi mwa 5 alionse amaswekanso lina chaka chisanathe.

Njira ya wodwala wa ku Dedza kapena ku Ntcheu

Chithandizo chofuna MRI, C-arm ndi katswiri wozolowera kubaya msana si cha chipatala chaching'ono cha kumudzi kapena cha paboma. Wodwala wa ku Lobi, Mtakataka, Tsangano kapena Bwanje amayambira pa chipatala chapafupi, n'kutumizidwa ku chipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu, kumene amajambulidwa X-ray ndi kuonedwa ndi orthopaedic clinical officer, wogwira ntchito ya mafupa amene maphunziro ake anayambitsidwa m'dziko muno mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair. Anthu amenewa ndi amene amasenza ntchito yambiri ya mafupa m'maboma. Zovuta zimatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza, kumene kuli Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, yodziwika ndi dzina lakuti LION.

Kwa odwala ambiri a osteoporosis, chithandizo chosabaya ndicho choyamba kulikonse padziko lapansi, ndipo chimatheka paboma. Mankhwala opha ululu amayambira pa Panado, kukwera mpaka tramadol kapena morphine wakumwa ngati ululu wakula, ndipo Brufen ndi diclofenac amafuna kusamala mwa okalamba chifukwa amavulaza impso ndi m'mimba. Cholinga cha mankhwalawa n'chakuti wodwala adzuke msanga. Mabanja ambiri, mwachikondi ndithu, amagoneka agogo m'nyumba kwa mwezi wathunthu osawalola kusuntha, koma kugona kotere kumasungunula mafupa ndi minofu mofulumira, kumabweretsa chibayo, zilonda za pamsana ndi kuundana kwa magazi m'miyendo, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye kuno kumapiri. Masiku ochepa opuma ndi okwanira, kenako kukhala tsonga, kuima ndi ndodo ndi kuyenda pang'onopang'ono motsogoleredwa ndi a mafizo. Lamba wa msana amathandiza ena m'masabata oyambirira.

Kaya simenti yathiridwa kaya ayi, mafupa ena onse amakhala ofookabe, ndipo apa ndi pamene umboni uli wolimba kuposa wa opaleshoni. Piritsi la alendronate la mamiligalamu 70, lomwedwa kamodzi pa sabata m'mawa munthu asanadye, ndi kapu yodzaza ya madzi, osagona kwa mphindi 30 atamwa, limachepetsa ngozi yosweka fupa lina la msana ndi pafupifupi theka. Zoledronic acid, woperekedwa mu diripi kamodzi pa chaka, anachepetsa ngoziyo ndi 70 pa 100 m'kafukufuku wamkulu wa mu 2007. Mankhwala onse awiriwa amafuna impso zogwira bwino ntchito, komanso kashiamu ndi vitamini D wokwanira m'thupi. Kashiamu alimo mu usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yake, mu mkaka, mu bonongwe ndi m'mbewu ya mawere, ndipo vitamini D thupi limapanga lokha khungu likamaombedwa ndi dzuwa.

Banja limene lauzidwa za simenti, kaya kuno kaya kunja kwa dziko, lili ndi ufulu wofunsa lisanatulutse ndalama. Lifunse ngati MRI yaonetsa kuti fupalo ndi longosweka kumene, ngati TB ndi khansa zafufuzidwa, ngati mankhwala opha ululu anayesedwa mokwanira, ndiponso ngati pali dongosolo la mankhwala olimbitsa mafupa pambuyo pake. Liwerengenso nthawi, chifukwa phindu limene kafukufuku wa VAPOUR anapeza linali la odwala othiridwa simenti m'masabata 6 oyambirira fupa litasweka, ndipo pofika nthawi imene pasipoti, viza ndi ndalama za ulendo zapezeka, fupa lambiri limakhala litayamba kale kupola lokha.

Pali zizindikiro zimene sizidikira zonsezi. Ululu wa msana ukabwera pamodzi ndi dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, dzanzi la pakati pa ntchafu, kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi kungotuluka zokha, ndiye kuti mtsempha waukulu wapanikizika, ndipo wodwalayo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Wovulala pangozi amene akudandaula msana asakhazikidwe pa njinga kapena kupindidwa pampando wa minibasi, koma anyamulidwe atagona chagada pa chinthu cholimba monga chitseko, anthu angapo akumugwira kuti mutu, msana ndi chiuno zisapotoke.